Chester Bennington ankaseka, nanenso ndinkaseka

Mu September 2017, patangotha miyezi iwiri Chester Bennington atamwalira, mkazi wake Talinda anaika kakanema kafupi pa Twitter. M'kakanemamo Chester ali ndi banja lake, akusewera masewera olawa tiswiti, tina tokoma tina tonyansa, akulavula uku aliyense akufa nacho chiseko. Talinda analemba kuti kanajambulidwa maola 36 mwamuna wake asanadziphe, ndipo anati umu ndi mmene matenda ovutika maganizo ankaonekera m'banja mwawo. Ine ndinakaonera pa foni ndili m'kachipinda kanga ka lendi ku Johannesburg. Mtima unagunda, m'manja n'kutuluka thukuta, chifukwa kasekedwe kameneko ndinkakadziwa. Ndi mmene ndinkasekera ineyo pakati pa anzanga tsiku ndi tsiku, kwinaku usiku ndikugona ndi maganizo akuti bola nditangochoka padziko pano.

Kwa inu amene simukumudziwa, Chester anali woyimba wa gulu la ku America la Linkin Park. Ine ndinayamba kumumva ndili ku sekondale yogonera konko. Mnzathu wina anali ndi achimwene ake kunja, ndiye anabwera ndi CD ya Hybrid Theory, chimbale chawo choyamba chomwe chinatuluka mu October 2000. Anyamata ambiri ankati ndi phokoso chabe, chotsani tiikepo reggae. Amayi atandimva ndikuyeserera kuimba patchuthi anati, "Iwe, zokuwakuwazo ndi za asatana, usandilowetsere m'nyumba muno." Chizungu changa chinali chochepa ndipo mawu ambiri ankandidutsa, koma munthu akamakuwa chifukwa cha ululu umadziwa ngakhale chiyankhulo chake usakuchimva. M'gululi oyimba anali awiri. Mike Shinoda ankarapa modekha, Chester n'kulowa ndi mawu ofewa, kenako mwadzidzidzi n'kukuwa mpaka misempha ya pakhosi kuonekera. Pamene ankakuwapo ndi pamene ine ndinkapuma bwino, ngakhale nthawi imeneyo sindikanatha kukuuzani chifukwa chake.

Chimbalecho chinagulidwa kuposa china chilichonse ku America mu 2001, ndipo pofika 2005 chinali chitadutsa makope 10 miliyoni m'dziko lokhalo. Mnyamata yemwe zaka zochepa m'mbuyomo ankagwira ntchito ku Burger King ku Arizona anatchuka dziko lonse ali ndi zaka 25. Ife tinkaona zimenezo. Zinazo anadzazifotokoza yekha kwa atolankhani, pang'onopang'ono, patapita zaka.

Anabadwa pa 20 March 1976 mumzinda wa Phoenix. Amayi ake anali namwino, bambo ake wapolisi wofufuza milandu, ndipo ina mwa milandu yomwe ankafufuza inali ya anthu ogwirira ana. Koma mwana wawo yemwe, kuyambira ali ndi zaka pafupifupi 7 mpaka 13, ankachitidwa zomwezo ndi mnyamata wina wamkulu yemwe ankacheza naye, bambowo osadziwa. Chester ananena kuti sankaulula poopa kuti anthu amunena kuti akunama, kapena kuti amakonda amuna anzake. Ali ndi zaka 11 ukwati wa makolo ake unatha. Kusukulu ankamumenya ndi kumunyoza chifukwa anali wowonda komanso wooneka mosiyana ndi anzake. Mowa ndi chamba anayamba akadali mwana, kenako n'kufika pa mankhwala oopsa monga cocaine ndi meth. Atadzawauza bambo ake dzina la munthu uja, anasankha kusapita naye kukhoti, atamva kuti nayenso anachitidwapo zomwezo ali wamng'ono.

Nkhani imeneyi ndinaiwerenga ndili kale ku Joni, ndipo nditafika pakuti ankaopa kunenedwa wabodza ndinazimitsa foni. Ine ndili mu Sitandade 3, pakhomo pathu pankakhala wachibale wina wachinyamata yemwe ankagona nafe kuchipinda cha anyamata. Sindifotokoza zambiri. Amene zinawachitikirapo akudziwa, ndipo enanu simufunika tsatanetsatane kuti mukhulupirire. Zinachitika nthawi yaitali ndithu, mpaka munthuyo anasamuka. Sindinauze aliyense. Kwathu nkhani zotere zikamveka n'komwe zimakhala za atsikana. Mnyamata akauze ndani, ndipo ayambe ndi mawu ati? Ndinasanduka mwana wanthabwala. M'kalasi ndinkayeserera mayankhulidwe a aphunzitsi, pamaliro ndinali ine woseketsa adzukulu kumanda, ndipo nditakula pa mowa ndinali munthu amene akapanda kubwera anzake amati lero sikunakome. Munthu woseketsa safunsidwa mafunso, ndipo ndi zimene ndinkafuna.

Mu November 2012 Linkin Park inabwera ku South Africa. Inaimba ku Cape Town, kenako ku FNB Stadium, bwalo lomwe kunachitikira fainolo ya World Cup ya 2010. Ndalama ya tikiti inali yoti ndikanatumiza kumudzi, koma ndinapita. Ndinali kutali, Chester ndikumuona bwino pa sikirini basi, akuthamanga uku ndi uku, akudumpha, akuseka ndi anzake. Khamu lonse lija linkaimba naye mawu aliwonse. Zimene zimandivuta ndikakumbukira ndi izi: mawu omwe tinkaimbawo anali a munthu akunena kuti sakutha kudzigwira, kuti mabala ake sakupola, kuti watopa. Nyimbo ya Crawling, yomwe inawapatsa mphoto ya Grammy mu 2002, iye mwini ananena kuti imakamba za kulephera kwake kudziletsa pa mowa ndi mankhwala. Munthuyu sanabise kanthu. Ankatiuza pamaso pathu, pa maikolofoni, ife n'kumavina. Nanenso ndinavina, ndipo ndinabwerera kunyumba mawu atasasa, ndikuti mwamuna uyu anapambana zonse zomwe zinamuvuta.

Ndinali ndi zifukwa zoganizira choncho. Mu 2006 anzake a m'gulu anamukhazika pansi n'kumuuza mmene mowa wake unkawapwetekera, iye n'kupita kukalandira thandizo. Anali ndi mkazi womukonda komanso ana 6. Kuyambira 2013 mpaka 2015 anaimbiranso Stone Temple Pilots, gulu lomwe ankalikonda ali mnyamata. Kumaloto kwa munthu kungafike pati kuposa apa?

Chaka cha 2017 chinabwera ndi zambiri nthawi imodzi. Chakumayambiriro kwa chakacho, pocheza ndi wailesi ina ya ku Los Angeles, Chester analoza mutu wake n'kunena kuti malo a pakati pa makutu ake ndi dera loopsa, ndipo sayenera kumayendamo yekha. Wofunsa mafunsoyo anaseka, iyenso n'kusekako, koma anapitiriza kufotokoza kuti akakhala kunja kwa mutu wakewo, akugwira ntchito kapena akucheza ndi ana, zonse zimayenda, vuto limayamba akatsala yekha ndi maganizo ake. Pa 18 May mnzake wapamtima Chris Cornell wa gulu la Soundgarden anadzipha ku Detroit atangomaliza kuimba. Tsiku lotsatira chimbale chatsopano cha Linkin Park, One More Light, chinatuluka, ndipo ambiri mwa otsatira akale anachinyoza kuti chafewa, gululi lagulitsa mzimu chifukwa cha ndalama. Pa chikondwerero cha nyimbo cha Hellfest ku France munthu wina anamugenda ndi jagi ali pasiteji. Chester anaimba pamaliro a Cornell. Pa 20 July 2017, tsiku lomwe Cornell akanakwanitsa zaka 53, Chester anapezeka atamwalira kunyumba kwake ku Palos Verdes Estates, ku California. Anali ndi zaka 41, ndipo kunali kutatsala sabata imodzi kuti ayambe ulendo woimba ku America.

Sindikunena kuti imfa ya mnzake kapena kunyozedwa kwa chimbale ndi kumene kunamupha. Munthu sadzipha chifukwa cha chinthu chimodzi, ndipo amene amati akudziwa chifukwa chenicheni amangolankhula. Koma zimene ndinawerenga pa Facebook sabata imeneyo, kuchokera kwa a kwathu omwe, zinandikhomerera pansi kwambiri. Wina anati ndi Illuminati, nthawi yake yolipira inakwana. Wina anati azungu amadzipha chifukwa chokhuta, akanabwera kuno adzaone mavuto enieni. Wina anati ndi mantha, mwamuna weniweni sasiya ana. Ine ndinkawerenga zonsezo ndikudziuza kuti, waona, ukadzangotsegula pakamwa ndi zimene adzakunene iwenso.

Pamaso pa anthu, chaka chimenecho zanga zinali zoyera. Ndinali ndi ntchito yokhazikika yoyendetsa galimoto yoperekera katundu, mwezi uliwonse ndinkatumiza ndalama, kunyumba kwathu nyumba inali itafika pa lintala, ana ali pasukulu yolipira. Achibale akaimba foni ankayamba ndi "bwana". Mkati zinali zina. Ndinkadzidzimuka m'ma 3 koloko m'bandakucha, tulo osabweranso, mutu ukungobwereza zolakwa zanga zonse kuyambira ndili mwana. Chakudya chinasiya kukoma. Mpira womwe ndinkaukonda ndinkangouyang'ana. Mutu unkawawa, pachifuwa pankalemera, moti ndinakayezetsa BP ndi shuga, zonse n'kupezeka zili bwino. Mowa womwe unali wa Loweruka unasanduka wa madzulo aliwonse, poti unkandigonetsa msanga, koma m'bandakucha ndinkadzuka ndili pansi kuposa dzulo lake. Ndipo panali liwu lina lomwe linkalankhula mwaulemu ndithu, lomati ana ako akhala bwino popanda iwe, nyumba yatsala pang'ono, ntchito yako wamaliza. Liwu limenelo ndi labodza, koma likamalankhula limamveka ngati nzeru zako zomwe.

Amene anandigwira ndi achemwali anga aakulu, omwe ankagwira ntchito ya m'nyumba mbali ina ya Johannesburg. Lamlungu lina atabwera kudzandiona ndinawaonetsa kakanema ka Talinda kaja, ndikuti taonani mmene anthu amabisira. Ndiye ndinawonjezera kanthabwala, kuti nanenso tsiku lina mudzangomva. Iwo sanaseke. Anayang'ana mabotolo omwe anali kuseri kwa chitseko, anayang'ana zovala zanga zabwino zomwe ndinali nditalongedza kuti ndikapatse mnyamata wina wakwathu, kenako anandiyang'ana ine.

"Iwe, ndikufunse ndipo usandiseketse. Ukuganiza zodzipha?"

Palibe munthu anali atandifunsapo choncho. Anthu amafunsa kuti uli bwanji, ndipo yankho lake timalidziwa tonse. Ndinayesa kuseka koma sizinatheke.

"Achemwali, nthawi zina."

"Nthawi zina zake ndi liti? Dzulo? Lero?"

"Dzulo usiku."

"Waganiza kale mmene ungachitire?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Sanakuwe, sananditchulire ana, sananene kuti ndi tchimo. Anati, "Chabwino. Lero sugona wekha, ndipo mawa tikupitira limodzi ku kiliniki." Anaimbira abwana awo kuti sabwera. Anachotsa m'chipindamo chilichonse chomwe ndinawauza kuti ndinkachiganizira, mowa wonse n'kukathira kusinki. Usiku umenewo anagona pansi pafupi ndi chitseko, mayi wa zaka zopitirira 50.

Achemwali sanaphunzire za uphungu, sukulu analekeza ku pulayimale. Koma zimene anachita, ndinadzamva kwa ogwira ntchito zachipatala, ndi zomwe iwonso amaphunzitsa. Anthu ambiri amaopa kuti ukamufunsa munthu mwachindunji za kudzipha ndiye kuti wamupatsa maganizowo. Si zoona. Amene alibe maganizowo amangodabwa n'kukana, ndipo amene ali nawo amapeza pothawira. Ine funso limenelo linandimasula pakhosi.

Ku kiliniki namwino anandifunsa mafunso angapo olembedwa papepala: kagonedwe, kadyedwe, kutopa, kudziona wopanda pake, ngati zimenezi zadutsa masabata awiri. Zanga zinali zitadutsa miyezi. Dokotala anati ndi depression, matenda ovutika maganizo aja, ndipo ananena mosazungulira kuti mowa ukuwonjezera moto, chifukwa mowa umatsitsa maganizo ngakhale poyamba umaoneka ngati ukukweza, komanso umachotsa mabuleki pa nthawi yomwe munthu akufunika mabulekiwo. Anandipatsa mapilitsi a fluoxetine, limodzi m'mawa uliwonse, n'kundilembera tsiku lokaonana ndi mlangizi.

Pali zinthu zokhudza mankhwalawa zomwe ndikufuna muzidziwe musanayambe, chifukwa ambiri amasiyira panjira. Sagwira ntchito tsiku lomwelo. Zimatenga masabata awiri mpaka anayi, nthawi zina asanu ndi limodzi, kuti uyambe kumva kusintha, ndipo masiku oyambirira ine ndinkachita nseru komanso kusowa mtendere m'thupi. Ngati m'masabata oyambawo maganizo odzipha akuwonjezeka, makamaka kwa achinyamata, bwererani kwa dokotala tsiku lomwelo, musadikire tsiku lomwe anakulemberani. Mukayamba kupeza bwino musasiye panokha. Kawirikawiri amati upitirize kwa miyezi 6 kapena kuposerapo utachira, ndipo posiya amachepetsa pang'onopang'ono. Kusintha kwake sikubwera ndi chisangalalo chachikulu ayi. Ine ndinangozindikira tsiku lina kuti ndagona mpaka alamu kulira, ndipo tsiku lina kuti ndakwiya timu yanga itagonja. Kukwiya kumeneko ndinakulandira ndi manja awiri.

Uphungu ndi umene unali wovuta. Maulendo oyamba ndinkamuseketsa mlangiziyo, mayi wodekha wachikulire, mpaka anandiuza kuti, "Nthabwala zanu ndi zabwino, bambo, koma ndaona kuti zimabwera nthawi iliyonse tikayandikira ubwana wanu." Nkhani ya mu Sitandade 3 ija inatuluka patapita miyezi. Nditaitulutsa ndinadwala sabata yathunthu, kulota zoopsa, kusafuna kuonana ndi munthu. Ndikunena izi kuti musadzaganize kuti uphungu wakupwetekani: bala lakale likatsegulidwa limayamba lawawa. Chimene mayiyo anandibwerezera mpaka chinalowa n'chakuti mwana wa zaka 9 savomera kanthu, ndipo manyazi onse omwe ndinasenza anali a munthu wina.

Mkazi wanga ndinamuuza za matendawa pa foni, koma za ubwanazo ndinadikira mpaka nditabwera kumudzi pa Khirisimasi. Ndinkayembekezera kuti andiona mosiyana. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Abambo, ndiye zaka zonsezi mumasenza nokha zimenezi, ine ndili pompano?" Anakwiya pang'ono, ndipo anali ndi chifukwa. Amayi sindinawauze za wachibale uja mpaka lero, ndipo mlangizi anandiuza kuti si ngongole, ndine ndisankhe woti adziwe.

Za kutchalitchi ndinene mwachilungamo. Mkulu wina wa mpingo atamva anandiuza kuti ndisiye mapilitsi, ndisale kudya masiku atatu, chifukwa ndi mzimu woipa wobwera ndi nyimbo zomwe ndimamvera. Koma m'busa wina wa mpingo womwewo anandiperekeza ku kiliniki tsiku lomwe achemwali analephera, n'kupemphera nane pa mzere. Ndimapemphera mpaka pano ndipo pemphero limandithandiza. Amene angakuuzeni kuti musankhe pakati pa pemphero ndi mankhwala, mufunseni ngati amanenanso zomwezo kwa odwala TB.

Tsopano funso lomwe linandizunza kwambiri, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu muli nalo. Chester anali ndi ndalama, madokotala abwino, mkazi womvetsa, anzake omukonda. Analandirapo thandizo, ankalankhula poyera za mavuto ake. Ngati iye zinamukanika, ine woyendetsa galimoto ya katundu ndingapulumuke bwanji? Ndinamufunsa mlangizi uja funso limeneli ndikulira.

Yankho lomwe ndili nalo lero ndalipeza pang'onopang'ono. Choyamba, ndinkawerengera molakwika. Mwana yemwe anachitidwa zija ali ndi zaka 7, yemwe anali pa mankhwala oopsa asanamalize sukulu, anakhala ndi moyo mpaka zaka 41, analera ana, anaimba nyimbo zomwe zinagwira dzanja anthu ngati ine kutali kuno. Thandizo lomwe analandira linamupatsa zaka zambiri zomwe mwina sakanakhala nazo. Chachiwiri, matendawa ali ngati shuga: ukhoza kukhala bwino zaka, koma suuzidwa kuti wachira ukhoza kutaya kabuku ka kuchipatala. Amabwerera, makamaka pakagwa maliro, ntchito ikatha, kapena ukayambiranso kumwa. Ndipo chachitatu, chomwe ndimachigwiritsa kwambiri: nthawi yoopsa kwenikweni imakhala yaifupi. Maganizo odzipha akafika pachimake amatha kukhala maola ochepa, kenako amatsika. Usiku womwe Chester anamwalira anali yekha m'nyumba, banja lake lili kutchuthi ku Arizona. Munthu yemwe ananena yekha kuti sayenera kutsala yekha ndi mutu wake anatsala yekha. Sindikuimba mlandu aliyense, chifukwa maola 36 m'mbuyomo anali akuseka ndipo palibe akanadziwa. Ndikungonena kuti nkhondo yanga si yoti ndigonjetse moyo wonse nthawi imodzi. Ndi yoti usiku woipa ukafika, usandipeze ndili ndekha, ndili ndi mowa m'mutu, ndili pafupi ndi chinthu chondipweteka.

Talinda sanabisale ndi chisoni chake. Anayambitsa kampeni ya 320 Changes Direction, nambala yake yochokera pa tsiku lobadwa la mwamuna wake (mwezi wa 3, tsiku la 20), yophunzitsa mabanja kuzindikira zizindikiro za kuvutika maganizo. Zomwe ine ndingawonjezere kuchokera pa zanga ndi izi. Musamangoyang'ana munthu wolira. Yang'anani amene wayamba kugawa katundu wake popanda chifukwa, amene akubweza ngongole zonse mwadzidzidzi ndi kutsanzikana ndi anthu mwachilendo, amene mowa wake wasintha, amene nthabwala zake zayamba kukhudza imfa yake yomwe, amene akunena kuti ndine mtolo kwa anthu. Samalaninso ndi munthu yemwe anali wokhumudwa kwa nthawi yaitali kenako mwadzidzidzi wadekha ngati zonse zatha, chifukwa nthawi zina kudekhako kumatanthauza kuti wamanga mfundo. Bungwe la WHO limati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse padziko lonse, ndipo kwathu ku Malawi malipoti a apolisi amasonyeza chaka ndi chaka kuti ambiri mwa iwo ndi amuna. Ife amene tinaleredwa ndi mawu akuti mwamuna salira.

Mukamufunsa munthu n'kuvomera, musayambe kumulalikira kapena kumuwerengera madalitso ake. Ine ndinkawadziwa madalitso anga onse, ndipo ndi omwe ankandichititsa manyazi kwambiri. Musalonjezenso kuti musunga chinsinsi. Khalani naye, chotsani zoopsa pafupi, ndipo pitani naye kuchipatala inuyo, osangomuuza kuti apite, chifukwa munthu wodwala matendawa ngakhale kusamba kumamukanika.

Kwa amene muli ku South Africa, bungwe la SADAG, lothandiza anthu ovutika maganizo, lili ndi nambala yaulere ya anthu omwe ali ndi maganizo odzipha, 0800 567 567. Ine ndinaiimbapo pakati pa usiku, Chizungu changa chothyokathyoka chomwechi, ndipo anandimvetsera. Ku Malawi anthu ambiri akamva za matenda a maganizo amangoganiza za Zomba Mental Hospital n'kuchita mantha kuti akawatsekera. Ambiri mwa ife sitifunika kugonekedwa n'komwe. Yambirani pachipatala cha boma cha m'boma lanu n'kufunsa namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Ku Blantyre chipatala cha Queen Elizabeth chili ndi kiliniki yake, ndipo a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mukafika musangonena kuti mutu ukuwawa monga ndinkachitira ine, chifukwa akupatsani panado. Nenani kuti sindikugona, palibe chikundisangalatsa, ndipo ndikuganiza zodzipha. Ngati pakamwa pakukanika, lembani papepala mumupatse.

Ndinabwerera kumudzi ndipo pano ndimakhala ku Lilongwe. Mowa ndinasiya, ngakhale kuti anzanga ena anandisiya nawo limodzi. Mankhwala ndinasiyapo mogwirizana ndi dokotala, kenako bambo anga atamwalira tulo tinayambanso kuthawa m'ma 3 koloko, ndipo ndinabwerera kukayambiranso ndisanafike poipa. Nyimbo za Linkin Park ndimamverabe, kupatula masiku omwe ndikudziwa kuti sindili bwino, chifukwa masiku amenewo zimandikokera pansi m'malo mondinyamula. Gululi linayambiranso mu 2024 ndi woyimba wamkazi, Emily Armstrong, ndipo otsatira ena anamunyoza mofanana ndi mmene ankanyozera chimbale chomaliza cha Chester. Mikangano imeneyo ine sindilowa nawo.

Ndi mkazi wanga tinapangana chinthu chimodzi, ndipo tinachilemba kuseri kwa kabuku kanga ka kuchipatala. Ndikamuuza kuti "lero sikuli bwino", safunsa chifukwa chake. Amatenga mankhwala onse a m'nyumba ndi mankhwala a mbewu n'kukasungitsa kwa aneba, sindigona ndekha ngakhale kutakhala maliro kumudzi, ndipo amaimbira achemwali ku Joni. Zikafika tsiku lachiwiri, m'mawa mwake timakwera minibasi ya kuchipatala, kaya ndikufuna kaya sindikufuna.